Zilembo Ziwiri Zikhale Zitatu

Koleji yathu ili pamwamba pa sitolo ya simenti,
kuseri kwa depoti ya Salima,
zipinda zitatu, dzina lalitali kuposa khonde.
Fani inafa chaka chatha.
Choko chimanyowa m'manja
ndipo pawindo pamalowa mawu a woitanira minibasi:
Lilongwe, Lilongwe, watsala m'modzi!

Ndili nawo asanu ndi anayi.
Anadzagula Chingerezi kuno
ngati kuti ife timachilima kudimba.
Amisse wa ku Metangula akufuna pepala la ntchito ya m'hotela,
lilime lake limaterereka pa Chipwitikizi
n'kukagwera m'Chiyao.
Byamungu wa ku Uvira ndi telala,
mawu atsopano amawalemba pa tinsalu totsala
n'kutisunga m'thumba limodzi ndi singano.
Mpando wakutsogolo ndi wa Mayi Nibigira a ku Burundi,
kope lokutira ndi pepala la shuga,
amafika thukuta lili kamukamu
atatseka okala yawo ya sopo ndi machesi.

Lero mutu ndi nthawi yakale.
Ndawauza kuti mneni wa Chingerezi akapita kudzulo
amamera kamchira,
wina amasinthiratu nkhope
ngati mlamu wochokera ku Joni.
Aseka.
Ndati aliyense atenge chiganizo chake cha sabata yatha
achikankhire m'mbuyo.

Amisse wakankha, chagubuduka bwinobwino.
Byamungu wasokerera mchira pamene sufunika,
ndamusomola, wagwedeza mutu.

Sabata yatha Mayi Nibigira analemba kuti:
Mwamuna wanga ndi mphunzitsi.
Lero alembanso chomwecho, ndi dzanja losamala lomwe lija.
Ndaima pambali pawo, cholembera chofiira m'manja.
Mayi, kamneni aka kokha,
zilembo ziwiri zikhale zitatu, basi.

Ayang'ana kope.
Ayang'ana ine.
Kenako, m'Chichewa cha kumsika
chimene sanalipirire ngakhale tambala:

Aphunzitsi, mtembo sindinauone.
Anadzamutenga usiku, nsapato anasiya pakhomo.
Chaka chino n'chakhumi ndi chimodzi.
Ndikalemba kuti anali,
ndiye kuti ndamukwirira ndine.

Kunja woitanira uja akufunabe m'modzi.

Ine amene ndinavala chikwangwani m'khosi
ku pulayimale ya ku Chipoka
chifukwa chopempha madzi m'chinenero cha amayi anga,
ine amene ndinalumbira tsiku lomwelo
kuti malamulo a Chingerezi ndidzawadziwa
kuposa eni ake,
ndavundukula silabasi m'mutu mwanga tsamba ndi tsamba.
Muli nthawi ya zimene zinatha,
ya zimene zinayamba kale koma zikupitirira,
ngakhale ya zimene zikanachitika zikanakhala kuti.
Ya munthu amene anatuluka osavala nsapato mulibe.

Byamungu wawerama, akuwongola kansalu pabondo.
Sanafunse kuti amayiwa ati chiyani.
Wamva.

Mayeso amachokera kutali, mu envulopu yomata,
wochonga sadziwa Salima, sadziwa nsapato.
Adzazunguliza kamneni kaja n'kuchotsa malikisi awiri,
ndipo ine ndimalipidwa kuti asachotse.
Ndadziwa zonsezo.
Ndachonga kuti akhoza.
Inki yofiira yalowerera mpaka tsamba lachiwiri.

Belu lathu ndi supuni pa botolo.
Akutsika masitepe, fumbi la simenti m'mapazi,
akutsutsana za mtengo wa tomato
m'Chichewa chopindikapindika, aliyense ndi mapindikidwe ake,
Chingerezi chili phee m'zikwama.

Mayi Nibigira atsalira pakhomo.
Mawa tiphunzira chiyani?
Nthawi yam'tsogolo, mayi.
Amanga kope m'chitenje, mfundo ziwiri.
Imeneyo ndibwera msanga,
mundisungire mpando.

Ndafufuta bolodi ndi sokosi yakale.
Pakona pamene sindifikira
patsala zilembo ziwiri.